Chipinda cha Tetira

"Amayi, kodi ababa amamwa mowa?"

Adija anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene anafunsa zimenezi, ndipo Sauda anamuyankha ndi khofi patsaya. Madzulo amenewo amuna ake, a Sumaila, anabwera kuchokera kuntchito akugwirira mipanda ya eni, miyendo ikupingana, ana a ku Mchesi ali pambuyo kuwayerekeza mayendedwe. Sauda anawakhazika pampando n'kuwanunkhiza pakamwa. Panalibe kachasu, panalibe masese. Linali fungo lomwe lija lotsekemera moipa, la masuti a ku Dirayi, limene linali litalowerera m'mapilo, m'ndevu zawo, mpaka m'kamkeka kamene ankaswalirapo.

Zaka zinayi zinali zitapita. A Sumaila anali atagona m'manda masiku atatu. Sauda anakhala pansi kuseri kwa chitseko chosatseka bwino, akumvetsera munthu wa tayi amene anakhala panja.

Kutuluka sakanatuluka. Mkazi wachisilamu, mwamuna wake akamwalira, amakhala pa eda miyezi inayi ndi masiku khumi, osayenda, osakhala pamaso pa amuna achilendo. Choncho olandira mlendoyo anali a Twaibu, akulu awo a malemu, telala wa pakhonde la sitolo ku Old Town, ndi Kassimu, mwana woyamba wa Sauda, amene anaimirira chotsamira khoma.

Mlendoyo anali a Lawford, kapitawo wa kampani yochapa masuti imene anthu ankangoitcha kuti ku Dirayi. Anabwera ndi mapaketi a shuga, masamba a tiyi, ndi ovololo yopindidwa bwino imene anaiika pamaondo.

"Kampani yamva chisoni kwambiri," anatero a Lawford. "A manijala akanabwera okha, koma mukudziwa mmene zilili masiku ano. Maunduna asamuka ku Zomba, aliyense ku City Centre akufuna suti yoyera. Vani ikupita ku Area 43 kawiri pa tsiku. Makina aima chiyambire Lolemba, masuti afika kudenga."

"Tikumva," anatero a Twaibu.

"Ndiye a manijala akuti malo a malemu asapite kwa mlendo pamene mwana wawo ali pano. Abwere Lolemba likudzali, seveni koloko. Ovololo ndi iyi. Mkaka, paini imodzi tsiku lililonse, wotsukira m'thupi, monga tichitira ndi aliyense wa pamakina. A Chikaonda, aneba anuwa, amuphunzitsa. Ndi okhawo atsala owadziwa makinawo, ndipo avomera kale."

"Alhamdulillah. Mwatikumbukira."

"Chipinda chiti?" Mawu a Sauda anatulukira pampata wa chitseko.

A Lawford anatembenuka, n'kusowa nkhope yoti ayang'ane. "Chomwecho, amayi. Cha kumbuyo."

"Chimene chapha bambo ake."

Nkhuku ya kwa aneba inadutsa pakati pa amunawo. A Lawford anasalaza ovololo ija ndi chikhatho.

"Amayi, pepani, muli pachisoni. Koma tisanene zinthu zopanda umboni. Mankhwala amene timachapira, tetira uja, tikumugwiritsa ntchito chiyambire kampani. Ku Joni amachapira yemweyo, ku Salisbury yemweyo. Ine sindifuna kuipitsa dzina la malemu pamaso pa mwana wawo. Koma chiwindi chimafa ndi zinthu zambiri. Tonse tinkawaona madzulo akudzandira pa mlatho. Munthu akaweruka, kampani siimutsatira kumene akulowa."

Sauda anaimirira.

"Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala naye munthu ameneyo! Sanaphonyepo swala ya m'bandakucha. Akaona malo omwera mowa ankaoloka msewu. Inu mwakhala pampando wake, pakhomo pake, dothi la pamanda ake lisanaume, n'kumutcha chidakwa?"

"Mawu amenewo sindinawatchule, amayi."

"Mwawakulunga m'pepala ngati shuga wanuyo, koma ndi omwewo. Tandiuzani, inuyo m'chipindamo munalowamo liti? Tchulani tsiku."

"Ntchito yanga ndi ya kutsogolo."

"Ya kutsogolo. Kumene kuli fani ndi zenera."

"Alamu!" anatero a Twaibu. "Mawu a mkazi wa pa eda asamamveke mpaka kumsewu."

"Amveke! Akafike kwa eni masutiwo, adziwe chimene chikununkha pamapewa pawo!"

A Twaibu anaponya maso kumpanda. Masiku amenewo mawu otero sankanenedwa mokweza. Sunkadziwa amene waima kuseri.

A Lawford ananyamuka, n'kusiya ovololo ija pampando. Analankhula kwa Kassimu, osati kuchitseko. "Seveni koloko, achimwene. Pageti pamaima anthu makumi atatu ofuna ntchito m'mawa uliwonse. Sitingadikire."

Kassimu anawaperekeza mpaka kumsewu.

Umboni umene a Lawford ankanena ukanakhalapo. N'zimene zinkamudya Sauda kuposa zonse.

A Sumaila anagwa Lolemba lapitalo. Pofika Lachiwiri maso anali achikasu, mimba itatupa, mkodzo utaleka kutuluka. Kuchipatala, dokotala wina wachinyamata anawagwira pansi pa nthiti, n'kufunsa Sauda ntchito imene ankagwira. Atamva, anavula magalasi.

"Mankhwala amenewo ali ndi klorini, mayi. Munthu akamapuma mpweya wake tsiku ndi tsiku, amamudya chiwindi ndi impso. Amazunguzanso mutu, munthu n'kumayenda ngati waledzera."

"Koma amawapatsa mkaka."

"Mkaka ndi chakudya basi. Suchotsa kanthu."

Lachitatu m'mawa a Sumaila anamwalira. Dokotala uja anatsatira abale mpaka pakhonde, n'kupempha chinthu chimodzi: amulole atsegule thupi, atenge kachidutswa ka chiwindi, akatumize ku Blantyre. Masiku anayi okha. Pakatero pakhala pepala lonena chimene chapha munthuyu, loti wina aliyense sangalitsutse. A Twaibu anakana asanamalize n'komwe. Msilamu sang'ambidwa, sagonekedwa mufiriji. Dzuwa lisanapendeke tsiku lomwelo, jeneza inali itatuluka mumzikiti, ndipo a Sumaila anapita m'manda ndi umboni wawo m'mimba.

Tsopano a Twaibu analowa m'nyumba atanyamula shuga uja, n'kumuika patebulo.

"Mwamunyoza munthu wobwera ndi chifundo, alamu."

"Mukanamulola dokotala uja, bwenzi lero munthu ameneyu atabwera chogwada."

"Mumafuna kuti mng'ono wanga atumbulidwe ngati mbuzi? Agone pachitsulo chozizira masiku anayi, chidutswa chake chili pa basi? Ndinamusambitsa ndine. Ndinamukulunga m'sanda ali wathunthu. Pamaso pa Mulungu sindidzachita nazo manyazi zimenezo."

"Wathunthu? Mimba ija munaiona. Manja aja, osupuka ngati a wakhate, munawaona. Chinatsala chathunthu n'chiyani?"

"Ndipo munavomera nokha," anatero a Twaibu motsitsa mawu. "Ndinakufunsani pakhonde paja. Munagwedeza mutu."

Zinali zoona. Sauda anagwedezadi mutu, chifukwa tsiku limenelo sakanatha kuganiza za mpeni pathupi limene anakhala akulipukuta masiku awiri. Akanati afunsidwenso lero, sankadziwa chimene akanayankha, ndipo kusadziwako kunamukwiyitsa koposa.

A Twaibu anakhala pamkeka, n'kuvula chipewa, n'kupukuta mutu. Anali okalamba kuposa mmene anaonekera sabata yatha.

"Ngakhale pepalalo likanabwera, mukanapita nalo kwa ndani? Kwa anthu ovala masuti omwewo? Alamu, tiyeni tione za amoyo. Pano pali ana anayi. Makina anga osokera ndi amodzi, akudyetsa kale pakhomo panga ndi kwa mayi athu ku Nkhotakota. Kassimu wakhala miyezi isanu akungozungulira. Ntchito yabwera yokha pakhomo. Tiikane?"

"Ndiye mukufuna mudzamusambitsenso iyeyo?"

A Twaibu anavala chipewa chawo. Kenako anatuluka.

Loweruka masana Sauda anapeza Kassimu kuchipinda atavala ovololo ija. Inali yaifupi, akakolo anali pamtunda.

"Vula."

"Amayi."

"Vula chinthu chimenecho m'nyumba mwanga."

Kassimu sanavule. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, mapewa otakata a munthu amene wasenza njerwa zaka zitatu. Nyumba zina zazitali za ku City Centre zinali ndi thukuta lake. Zitatha kumangidwa, makontirakitala anasonkhanitsa anyamata onse n'kuwauza kuti zikomo, ntchito yatha.

"Ndayenda ku Area 47 geti ndi geti kufunsa ya m'dimba," anatero. "Agalu okha ndi amene amandiyankha. Mukufuna ndizikhala pano ndikudya shuga wa maliro?"

"Ndikufuna ukhale moyo."

"Ndizitsegula zenera."

"Mulibe zenera. Bambo ako ankati analitseka ndi njerwa kuti mankhwala asamauluke. Akuti ndi odula."

"Ndizimanga nsalu pamphuno. Ndizimwa mkaka."

"Dokotala anati mkakawo..."

"Dokotala anati, dokotala anati. Pepala lake lili kuti?" Kassimu anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu. "Amayi, ine ndinawatolapo pa mlatho kawiri. Anthu a mumsika ankandiloza. Tsiku lina anandisanzira pamapazi, pamaso pa anzanga. Sindikunena kuti ankamwa. Koma sindinkakhala nawo tsiku lonse. Inunso simunkakhala nawo."

Dzanja la Sauda linakwera, n'kuima m'malere. Analitsitsa pang'onopang'ono.

"Wamukhulupirira munthu wa tayi uja."

"Sindikudziwa chimene ndikukhulupirira. Chimene ndikuona n'chakuti a Chikaonda ali komweko chiyambire kampani, ndipo akuyenda bwinobwino, akupalasa njinga. Nanga iwowo tetira amawaopa?"

Sauda anatuluka m'chipindamo. Anabwerera pabalaza, n'kukhala pansi. Kunja Adija ankatsuka makapu a anthu obwera kudzapepesa, akuwagunditsa dala kuti asamve za m'nyumba.

A Goliati Chikaonda ankakhala kuseri kwa mpanda wa bango. Anali Mkhristu wa ku mudzi wina kufupi ndi Nathenje, wosita zovala ku Dirayi. Iwo ndi a Sumaila ankanyamukira limodzi m'mawa uliwonse. Chichitikire maliro, akazi awo a Efelo ankabwera tsiku ndi tsiku kudzatunga madzi ndi kusesa. Koma a Goliati ananyamulako jeneza mapazi ochepa, ndipo kuyambira pamenepo sanaonekenso. Ankatuluka kusanache, n'kumalowa m'nyumba mwawo chozemba.

Lamulungu masana, banja la a Chikaonda litabwera kutchalitchi, Sauda anafunda nsalu kumutu n'kupita kuseri kwa nyumba. Anaima pafupi ndi mpanda, chammbali, kuti asaonane nkhope ndi wa mbali inayo. Pakhonde la kuseriko Kassimu anali atakhala pansi, akupolisha nsapato za bambo ake zoti avale mawa.

"Mayi a Alesi," anaitana Sauda. "Ndiitanireni amuna anu."

"Angogona kumene, asisi," anayankha a Efelo.

"Adzutseni."

Panapita nthawi. Kenako panamveka mapazi, ndi munthu akukonza kukhosi.

"Ndabwera, mayi a Kassimu. Pepani ndi zovutazi."

"Pepani wanu wachedwa masiku anayi. Ndamva kuti mawa mukamuphunzitsa mwana wanga makina."

"A Lawford anandiitana mu ofesi."

"Ndiye munavomera."

"Ndinangoti inde bwana. Pakamwa panga panazolowera."

"Bambo a Alesi, ine ndili pa eda. Sindingapite ku Dirayi kukaima pageti. Sindingamugwire mwendo mwanayu. Alamu anga andisiya, mwamuna wanga ali m'dothi, ndipo dzina lake likuyenda mumsika kuti anafa ndi kachasu. Inu munkakhala naye kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nenani pano, mwana wake akumva. Ankamwa?"

"Ayi."

"Kwezani mawu. Kutchalitchi mumaimba bwanji?"

"Sankamwa! Ngakhale thobwa logona ankalikana."

"Ndiye bwanji munakhala chete pamene kapitawo wanu ankamupaka matope? Munali m'nyumba mwanumo, ndinamva wailesi mukuitsitsa."

Burashi ya Kassimu inali itaima.

"Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, mayi," anatero a Goliati.

"Iye analibe?"

Amene analankhula anali a Efelo. "Auzeni, bambo a Alesi. Mwakhala osadya chiyambire Lachitatu. Auzeni, kapena ndinena ndine zimene ndikudziwa."

Bango linalira, a Goliati anali atatsamira mpanda.

"Chipinda chija chinali changa," anatero. "Kampani itangotsegula, amene anaphunzitsidwa makina ndine. A Sumaila anali pa simbi, ankasita. Ndinagwiramo chaka chimodzi. Mutu unkandiwawa ngati wina akukhoma msomali, chakudya chinkabwerera. Tsiku lina ndinakomoka, nkhope m'beseni la tetira. Anandikoka ndi iwowo. Nthawi imeneyo mayi a Alesi anali ndi pakati pa mapasa aja. M'mawa mwake, ine osadziwa, a Sumaila analowa kwa a Lawford n'kunena kuti simbi yawatopetsa msana, akufuna makina. Tinasinthana."

Sauda anagwira mtengo wa mpanda. "Anandiuza kuti amukweza."

"Sanawakweze. Sanawaonjezere kalikonse."

"Anabwera ndi nyama tsiku limenelo. Anati tisangalale, amukweza." Mawu a Sauda anakwera. "Zaka zisanu ndi chimodzi! Wabodza! Ndinkamuchapira malaya onunkha, ndinkamutsogolera ku bafa ngati mwana, ndinamenya mwana wanga chifukwa cha iye, ndipo iye ankadziwa! Anandifunsa ine? Anafunsa ana akewa ngati akulola kuti bambo awo aperekedwe kwa aneba? Ndipo inu, bambo a Alesi, mumandipatsa moni m'mawa uliwonse, mwadzuka bwanji mayi a Kassimu, mukupita kukasita pafupi ndi zenera!"

"Ndinawapempha kuti tizisinthana masabata. Anakana."

"Mukanakakamira!"

"Ndikanakakamira," anavomera a Goliati. "Sindinakakamire. Ndinkachiopa chipinda chija, mayi. Mpaka lero ndikadutsa pachitseko chake miyendo imandilemera."

Sauda anafuna kunena zambiri. Koma munthu amene zinkamuyenera kwenikweni sakanazimva. Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, mwaukali, ngati akuchotsa chitsotso.

Kassimu anaika nsapato pansi, n'kubwera kumpanda. "Ankadziwa kuti akudwala?"

"Ankadziwa, mwana wanga. Pakati pa tebulo langa ndi chipinda chija pali khoma limodzi. Tinapangana kuti akamaliza mtolo uliwonse azigogoda kawiri ndi chitsulo, ndidziwe kuti akadali chiimire. Ndikasita majekete atatu osamva kugogoda, ndinkasiya simbi n'kuthamanga. Ndinkawapeza pansi. Ndinkawakokera kuseri, kumpopi, n'kuwathira madzi mpaka atatsegula maso."

"Kangati?"

"Chaka chino chokha, kasanu."

"A Lawford ankaona?"

"Kawiri anandithandiza kunyamula miyendo."

Kassimu anapuma mwamphamvu. Anayang'ana amayi ake, koma iwo ankayang'ana bango.

"Akatsitsimuka," anapitiriza a Goliati, "mawu oyamba ankakhala omwewo. Ankati, Goliati, kunyumba usakanene. Sauda akamva andiletsa, ndipo ndikasiya ine, abwezeramo iwe. Ndiye ankasamba kumaso, n'kufunsa ngati nthawi ya swala yadutsa."

"Tsiku lomaliza lija anagogoda?" anafunsa Kassimu.

"Anagogoda mpaka faifi koloko. Panali masuti a ukwati a ku Area 43, khumi ndi awiri. Anawamaliza onse, n'kuwapachika bwinobwino, lililonse ndi nambala yake. Kenako anatuluka, n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo langa, n'kundiuza kuti kolala ya jekete limene ndinkasita yapindika."

Kassimu anabwerera pakhonde paja. Kenako anatola nsapato zija, imodzi yowala, inayo yosapolisha, n'kulowa nazo m'nyumba. Anatseka chitseko mosapanga phokoso.

Sauda anadikira mpaka mapazi ake atasiya kumveka.

"Mwanayo mawa akhoza kudzukabe," anatero. "Njala ndi ya tsiku lililonse, ndipo alamu anga abwera kudzamutenga. Ine sindikukhululukirani lero, bambo a Alesi. Mwina tsiku lina. Lero ndikufuna chinthu chimodzi."

"Nenani."

"Mukudziwa kale."

Mbali inayo, mwana wina wa mapasa aja anaitana amayi ake, a Efelo n'kumukalipira kuti abwerere m'nyumba.

"Makina aja ali ndi mipopi isanu ndi iwiri," anatero a Goliati pang'onopang'ono. "Wosaidziwa sangayatse n'komwe. A Lawford saidziwa. A manijala saidziwa. Sindimuphunzitsa Kassimu. Sindiphunzitsa mwana wa munthu aliyense, ngakhale wa pageti, mpaka atagumula njerwa zija za pazenera. Ndipo akandifunsa chifukwa, ndikanena pamaso pa onse zimene ndanena pano."

"Akuchotsani ntchito," anatero a Efelo.

"Mwina."

"Kapena akuuzani kuti mulowemo nokha."

"Ndikakana. Pakamwa pangapa paphunzire mawu ena."

Sauda anamvetsera mpweya wa munthuyo kuseri kwa bango. Unali wa munthu wamantha, ndipo mwina n'chifukwa chake anaukhulupirira.

"Mwanena pamaso pa akazi anu," anatero.

"Ndanena pamaso pa akazi anga ndi pamaso pa Mulungu. Mwana wa a Sumaila sadzaponda m'chipinda chija ine ndili moyo."

Sauda anakonza nsalu yake kumutu. Analowetsa dzanja pampata wa bango, ndipo a Efelo analigwira.

"Akakuchotsani," anatero Sauda, "musakabise ngati mnzanu uja. Mudzabwere pampanda pano mudzanene. Chimene chidzalowe pakhomo panga, kaya n'chochepa bwanji, tidzachigawa pakati."